Kukalambitsa zizindikiro pa tindege ta pulasitiki: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kuchokera kwa anthu olumikiza tindege ta pulasitiki akafika pa gawo lokwiyitsa lija: kandege kapentedwa, kadetsedwa bwinobwino kuti kaoneke kuti kanagwiradi ntchito, koma nyenyezi ya pa phiko ili phuliphuli ngati yangotuluka kumene m'fakitale. Ndayankha monga momwe ndimachitira ineyo pa tebulo langa. Ena ali ndi njira zawo, ndipo zina mwa izo n'zabwino ndithu.

Kodi zizindikiro nazo zimafunika kuzikalambitsa? Si zokwanira kudetsa penti wa ndege?

Pa ndege yeniyeni, nyenyezi ya America, mkombero wa RAF (gulu la ndege zankhondo la Britain), mtanda wa Germany ndi dzuwa lofiira la Japan zonsezi zinali penti basi. Dzuwa limene linkawomba phiko linkawombanso chizindikirocho. Utsi wa injini sunkachilambalala, ndipo nsapato za amakanika sizinkasankha popondapo. Choncho mukadetsa kandege konse n'kusiya ma decal (zizindikiro zosindikizidwa kale zimene timaviika m'madzi n'kumata) ali mbee, diso la woona limathamangira pomwepo, n'kuzindikira msanga kuti ichi n'chomata. Cholinga cha ntchito yonseyi n'chakuti decal aleke kuoneka ngati womata, aoneke ngati penti amene wakhala ndi ndegeyo pa mvula ndi pa dzuwa.

Ndiyambe chiyani, kumata ma decal kapena kudetsa?

Matani ma decal kaye. Ndondomeko imene siinandigwiritsepo mwala ndi iyi: penti wa ndege, kenako vanishi wonyezimira, ma decal, vanishi wonyezimira kachiwiri kuti atsekere ma decalwo, ndiyeno kudetsa konse, n'kumalizira ndi vanishi wosanyezimira. Zimene mungachite ma decal asanabwere ndi zija zokhudza penti weniweniyo, monga kuyeretsako pakati pa panelo (chigawo chimodzi cha chitsulo chokuta ndege) ndi kudetsako m'mphepete mwake. Koma wash (penti wosungunula kwambiri woti aziyenderera) wa m'mizere, madontho a oyilo, utsi ndi fumbi zidikire kaye.

Vanishi wachiwiri uja anthu ambiri amamudumpha chifukwa cha changu. Musatero. Decal amakhala ndi kamphepete kotukuka pang'ono, ndipo wash akafika pamenepo amaima n'kujambula mzere wakuda kuzungulira chizindikiro chonse, pamene pa ndege yeniyeni panalibe mzere uliwonse.

Decal wanga akuwala ngati siliva m'mbali mwa zilembo. Ndalakwitsa pati?

Mpweya watsekeredwa pansi pake. Penti wosanyezimira, mukamuyang'ana pa galasi lokulitsa, ndi wokhakhala ngati sandipepala. Decal akagona pamenepo amangokhudza nsonga za timapiri timeneto, ndipo m'tizigwa mumatsala mpweya umene umabweza kuwala. N'chifukwa chake timayamba tapaka vanishi wonyezimira kuti pakhale see.

Ngati zachitika kale, musam'matule. Tengani singano yakuthwa kapena nsonga ya mpeni watsopano, boolani timabowo ting'onoting'ono pamene pakuwalapo, n'kudonthezerapo mankhwala ofewetsa decal. Odziwika kwambiri ndi Micro Sol, wa zilembo zofiira pa botolo, amene amayenda ndi mnzake Micro Set wa zilembo zabuluu. Set amapita pansi musanamate, Sol amapita pamwamba mutamata. Palinso Mr. Mark Setter ndi Mr. Mark Softer, omwe ndi aukali kuposa awiri oyambawo, ndiye ayeseni kaye pa decal wotsala. Mankhwalawa akayamba kugwira ntchito, decal amachita makwinya ngati waonongeka. Manja m'thumba! Mukam'khudza pa nthawi imeneyo amang'ambika ngati pepala lonyowa. Musiyeni usiku wonse, m'mawa mudzam'peza atagona yekha.

Kudetsa sikubisa vutoli. Vanishi wosanyezimira ndiye amalionetsa poyera kuposa kale.

Mzere wa panelo wasowa pansi pa chizindikiro. Ndichite bwanji?

Decal akauma ndithu, yendetsani mpeni wakuthwa m'mzeremo mopepuka, osakanikiza, kenako pakanimo mankhwala ofewetsa aja kuti m'mbali mwake mulowe pansi. Mukadzathira wash, adutse m'mzere wonse, kuyambira pa penti wa phiko, kudutsa pa chizindikiro, mpaka kutsidya. Chinthu chimodzi chokha: wash wakuda bii pa gawo loyera la chizindikiro amaoneka ngati munalembapo ndi bolopeni. Pa zoyera ndi zachikasu gwiritsani ntchito wotuwa kapena wabulawuni wosungunula kwambiri.

Mitundu ya ma decal ndi yowala kwambiri. Ndiisulutse bwanji?

Pali njira zitatu zimene ndimasinthanitsa malinga ndi kandege kake.

Yoyamba ndi ya airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya. Tengani penti yemwe uja munapenta ndege, musungunuleni kwambiri, gawo limodzi la penti ku magawo 9 a thinner (mankhwala osungunulira penti), n'kupopera kankhungu kopyapyala pa kandege konse, zizindikiro zomwe. Poperani kamodzi, imani, dikirani kuti paume, yang'anani. Penti wosungunula chonchi amanyenga: akadali wonyowa saoneka, akauma m'pamene mumadzidzimuka kuti nyenyezi yasanduka yobiriwira. Kawiri kapena katatu n'kokwanira.

Yachiwiri ndi ya penti wa mafuta, uja wa m'timachubu wa anthu ojambula zithunzi. Ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, ikani timadontho tating'ono kwambiri pa chizindikiro: toyera ndi totuwa pa buluu, tachikasu ndi toyera pang'ono pa wofiira, tabulawuni pa woyera. Kenako nyowetsani burashi yophwatalala mu thinner wosanunkha, ipukuteni pa pepala mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kumakoka timadonthoto. Pa phiko kokerani kumbuyo, kumene mphepo imalowera ndege ikamauluka. M'mbali mwa thunthu kokerani pansi, kumene madzi a mvula amatsikira ndege ikaima pabwalo. Ubwino wa penti ameneyu ndi woti amachedwa kuuma, mwakuti mukhoza kufufuta n'kuyambiranso ngakhale patapita maola angapo. Njira imeneyi ndiyo ndimaikonda, chifukwa kusuluka kwake kumatuluka kwamathothomathotho, osati kofanana paliponse.

Yachitatu ndi ya choko cha pastel chopala kukhala ufa, chopaka ndi kaburashi kofewa. Chimagwira pa vanishi wosanyezimira yekha, ndipo mukapoperapo vanishi wina pamwamba, theka lake limazimirira.

Kumbukiraninso kuti dzuwa limawomba kuchokera kumwamba. Chizindikiro cha pamwamba pa phiko chisuluke kwambiri, cha m'mbali pang'ono, cha kunsi kwa phiko chikhale ndi mtundu wake koma chide ndi matope ndi oyilo.

Kodi zizindikiro zonse pa ndege imodzi zikalambe mofanana?

Ayi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chizindikiro chilichonse chili ndi tsiku lake lobadwa. Cha dziko ndi nambala ya ndege kawirikawiri zinkapentedwa kufakitale, ndi makina opopera, pa chitsulo chokonzedwa bwino. Zilembo za gulu la ndegeyo zinkawonjezedwa itafika kumene ikagwire ntchito. Chithunzi cha pamphuno ndi dzina la ndege zinkabwera pambuyo pake, ndipo timabomba kapena timbendera towerengera maulendo ndi adani ogwetsedwa tinkawonjezeka kamodzikamodzi, mwakuti koyamba kankakhala katafwifwa pamene komaliza penti wake sanaume n'komwe.

Ndiye pali zizindikiro zimene zinasinthidwa ndege ili kale pa nkhondo. Chitsanzo chokoma ndi cha America. Mu Meyi 1942 anachotsa kadontho kofiira pakati pa nyenyezi, poopa kuti asilikali awo angakasokoneze ndi dzuwa la Japan. Mu Juni 1943 anawonjezera timizere toyera mbali zonse ziwiri za mkombero, n'kuzunguliza chizindikiro chonse ndi mzere wofiira. Sipanapite miyezi itatu, wofiirayo analamulidwa kuti akhale wabuluu. Amakanika sankapentanso chizindikiro chonse. Ankangodutsitsa buluu watsopano pamwamba pa mzere wofiirawo. Zotsatira zake, pa zithunzi zambiri za kumapeto kwa 1943 mumaona mkombero wabuluu wosuluka, wozunguliridwa ndi mzere wabuluu wakuda kwambiri. Mukapanga B-17 kapena Corsair ya nthawi imeneyo n'kusulutsa zonse mofanana, mwataya kanthu kokoma kwambiri. Phimbani mzere wakunjawo ndi tepi pamene mukusulutsa pakatipo, kapena upenteninso pamapeto.

A RAF nawo mu 1942 anachepetsa mkombero woyera ndi wachikasu pa zizindikiro zawo, ndipo ndege zawo za ku India ndi Burma pambuyo pake zinachotseratu wofiira pa chifukwa chomwe chija cha dzuwa la Japan. Pamene chizindikiro chachikulu chinafufutidwa n'kuikapo chaching'ono, pankatsala chigamba cha penti watsopano chozungulira, chosiyana ndi penti wakale. Chigamba chimenecho chipenteni dala, chionekere.

Nanga panelo ikachotsedwa pa ndege ina yowonongeka n'kuikidwa pa iyi? Imabwera ndi chidutswa cha chilembo cha ndege inayo, chosalumikizana ndi china chilichonse. Zoterezi musazipeke, zichiteni ngati chithunzi chikuonetsa.

Mizere yakuda ndi yoyera ya D-Day: ikhale yowongoka kapena yokhotakhota?

Funso limeneli limakanganitsa anthu mpaka kusiya kulankhulana. Mizereyi inapentedwa pa ndege za Britain, America ndi anzawo pokonzekera D-Day, tsiku limene asilikali awo anakocheza ku France mu 1944. Inali isanu, itatu yoyera ndi iwiri yakuda, pa mapiko ndi kuzungulira thunthu chakumchira. Pa ndege za injini imodzi, uliwonse unali wa mainchesi 18 m'lifupi, pa za injini ziwiri mainchesi 24. Pa kandege ka 1/48 (kochepa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni) ndiye kuti mamilimita 9.5 ndi 12.7, pa ka 1/72 ndi mamilimita 6.4 ndi 8.5. Lamulo loti ipentedwe linasungidwa mwachinsinsi mpaka kutangotsala masiku awiri kapena atatu kuti 6 Juni 1944 ikwane, mwakuti ndege zambirimbiri zinapentedwa mothamanga, zambiri ndi maburashi a m'manja. Pa zithunzi zina mumaona mizere yokhota, penti atayenderera, ndi malo osiyidwa mozungulira zilembo. Pa zina mumaona yowongoka bwino, chifukwa magulu ena anayamba ayeza n'kuphimba.

Maganizo anga ndi awa: kukhota kumene kunalipo kunali kwa masentimita awiri kapena atatu pa ndege yeniyeni. Gawani ndi 72, mupeza kuti n'kosakwana theka la milimita. Mukapenta ndi dzanja lonjenjemera kuti zioneke zothamangira, woona sanena kuti amakanika anafulumira. Amanena kuti inuyo simudziwa kupenta. Ine ndimaphimba ndi tepi, n'kupopera woyera wosakwanira kuti penti wapansi azionekera pang'ono, kenako ndimakhudza m'mphepete mwa mzere apa ndi apo ndi kaburashi kosongoka.

Samalaninso mwezi. Patapita pafupifupi mwezi umodzi, analamula kuti mizere ya pamwamba ichotsedwe kuti ndege zisamaoneke msanga zikaima pansi, ndipo pofika kumapeto kwa 1944 inali itachotsedwa yonse. Ndege ya mu Ogasiti ikhale ndi mizere kunsi kokha, yodetsedwa ndi oyilo, ndipo pamwamba pakhale chipsera cha pamene anapala kapena kupentapo.

Ndingasupule bwanji penti pa chizindikiro osang'amba decal yense?

Musasupule decal weniweniyo. Pentani kusupukako pamwamba pake. Ng'ambani kachidutswa ka siponji, kagwireni ndi kopanira, kavuikeni mu penti, kadindeni pa pepala mpaka kazisiya timadontho tochepa, ndiyeno mukhudze pa chizindikiro. Pensulo yasiliva yosongoka bwino imathandiza pa mitu ya zomangira ndi m'mphepete mwa timakomo totsegulatsegula.

Funso lofunika ndi lakuti pansi pa pentiyo panali chiyani. Chizindikiro chikaperepeseka pang'ono, chimene chimayamba kuonekera ndi penti wa ndege. Chikapitirira, pamatuluka penti woyambira, amene pa ndege zambiri za America anali wachikasu chobiriwirako wa zinc chromate. Aluminiyamu amabwera pamapeto. Choncho kadontho kasiliva kali kokha pakati pa nyenyezi kamaoneka kabodza. Kazungulizeni ndi mtundu wa ndege pang'ono.

Ndipo yezani. Kadontho ka milimita imodzi pa 1/72 ndi chibowo cha masentimita 7 pa ndege yeniyeni, pa 1/48 ndi pafupifupi masentimita 5. Zibowo zoterozo zikachuluka, kandege kanu kakhala kotola kudzala.

Ena amakonda kupala decal ndi sandipepala wosalala kwambiri, wa 2000 kapena kupitirira, wonyowetsa. Zimatheka, koma pokhapokha decal atagwira ndithu ndipo ali pansi pa vanishi. Ine ndinayesapo pa ma decal akale a m'bokosi limene linakhala zaka pa shelefu: ndisanapale n'komwe, mkombero wa pa phiko unangoti phwa m'madzi, tizidutswa khumi n'kanthu. Ndinatha madzulo onse ndikutilumikiza ndi kaburashi konyowa, ndipo mpaka lero phiko limenelo ndimaliyang'anitsa kukhoma.

Ndege za Japan zija zimaoneka zosupuka kwambiri. Dzuwa lofiira nalo lisupuke choncho?

Kawirikawiri ayi. Ndege zambiri za asilikali a pamtunda a Japan, monga Ki-43, zinkatuluka m'fakitale zili chitsulo chosapenta, ndipo wobiriwira ankapakidwa pambuyo pake popanda penti woyambira, n'chifukwa chake ankamatuka zigambazigamba. Pa zithunzi zambiri, dzuwa lofiiralo limaoneka lathunthu pakati pa phiko losupuka, nthawi zina ndi kamphako ka chitsulo kozungulira pamene wopenta analilambalala. Lisulutseni mtundu, koma musalisupule kufanana ndi wobiriwirayo. Musatengerenso ndege zonse za Japan m'thumba limodzi: ma Zero oyambirira a mu 1941 anali opentedwa bwino, ndi penti woyambira pansi, ndipo sankaoneka ngati awo a mu 1945.

Ndaika timadontho tasiliva pa mchira wa Hurricane, wina akuti n'zolakwika. Zoona?

Akunena zoona. Thunthu la Hurricane kuyambira kumbuyo kwa woyendetsa linali lokutidwa ndi nsalu, ndipo pamenepo m'pamene pali mkombero ndi zilembo. Mosquito inali ya matabwa. Wellington inali ya nsalu pafupifupi yonse. Ngakhale ndege zachitsulo monga Spitfire ndi B-17 zinali ndi nsalu pa chiwongolero cha kumchira. Nsalu siionetsa chitsulo. Imasuluka, imachita zigamba zosoka, ndipo kawirikawiri mtundu wake umasiyana ndi wa chitsulo choyandikana nacho ngakhale penti ali mmodzi.

Utsi wa injini ukadutsa pa zilembo, ukhale wakuda?

Osati nthawi zonse. Petulo wa ndege za nthawi ya nkhondo yachiwiri anali ndi mtovu. Injini ikamamwa mafuta ambiri inkasiya mwaye wakuda, koma pa maulendo ataliatali, woyendetsa akachepetsa mafuta kuti afike kutali, utsi unkasiya chipsera chotuwa, nthawi zina chotuwa mofiirira. Yang'anani zithunzi za Lancaster kuchokera pamwamba: mizere yotuwa mbuu ikudutsa pa mapiko. Ine ndimayamba ndi bulawuni wakuda wotambalala, kenako wotuwa wopyapyala pakati, pafupi ndi paipi ya utsi. Utsiwo utsate mphepo, imene imapinda motsatira phiko, osati mzere wa rula. Ukafika pa chilembo upitirire pamwamba pake, pokhapokha ngati chithunzi chikuonetsa kuti amakanika ankapukutapo kuti nambala iziwerengeka, zimene zinkachitikadi.

Oyilo ndi petulo wotayika ndi nkhani ina. Injini zozungulira zinkadontha oyilo kwambiri, ndipo iye ankayenda kunsi kwa thunthu mpaka kumchira. Pa Corsair, thanki ya patsogolo pa woyendetsa inkachucha, mwakuti amakanika ankamata tepi yoyera m'mizere ya panelo pamenepo. Madontho ngati amenewa apakeni pamapeto penipeni ndi penti wonyezimirako, kuti aoneke onyowa.

Bwanji osangopenta zizindikiro m'malo momata?

Ngati muli ndi airbrush ndipo kandege ndi ka 1/32 kapena 1/48, pentani. Pali ma mask, matepi ophimbira popenta, odula kale a mikombero, nyenyezi ndi zilembo zikuluzikulu. Chizindikiro chopenta chilibe mphepete, sichiwala siliva, mtundu mumasakaniza nokha wosuluka kale, ndipo mukhoza kuchisupuladi: poperani hairspray pansi, penti wa acrylic pamwamba, kenako nyowetsani n'kukanda ndi burashi yolimba kapena mswachi wakale. Chovuta n'kulunjikitsa mikombero itatu kapena inayi kuti ikhale pakatikati. Pa 1/72 ndi 1/144 ine sindidzivutitsa, ndipo timalemba tating'ono ta machenjezo timakhala ta decal basi pa sikelo iliyonse.

Nanga penti woyera wa nyengo yachisanu pa ndege za Germany ndi Soviet Union?

Ameneyu anali wongoyembekezera, wochoka ndi madzi ndi kukhula. Ankapakidwa pamwamba pa zonse, molambalala mitanda, nyenyezi ndi manambala, nthawi zina mowadyako m'mphepete. Ndiye apa ndondomeko isinthe: matani ma decal, atsekereni, kenako woyera abwere pamwamba. Woyerayo musupuleni kwambiri pamene anthu amaponda ndi pamene utsi umadutsa.

Ndege zankhondo zamakono nazo zimada?

Za pa sitima zonyamula ndege zimada kwabasi. Kuyambira zaka za m'ma 1980, ndege za asilikali a pamadzi a America monga F/A-18 ndi F-14 (imene anasiya kuigwiritsa ntchito mu 2006) zakhala zotuwa, ndi zizindikiro zotuwanso. Mchere wa m'nyanja umadya chitsulo, choncho amakanika amangopopera penti watsopano paliponse pamene akayikira, ngakhale pakati pa chilembo. Ndege imatha ili mawangamawanga, ndipo zizindikiro zina zimatsala pang'ono kuzimirira. Koma ndege za ziwonetsero ndi zonyamula anthu zimatsukidwa kawirikawiri. Pa izo wash wopepuka ndi wokwanira.

Ndidalire zithunzi ziti?

Za ndege yomweyo, pa nthawi yomweyo, ngati zilipo. Ndege za m'nyumba zosungiramo zakale ndi zija zimaulukabe pa ziwonetsero zinapentedwanso ndi penti wamakono. N'zothandiza poona kapangidwe, osati kakalambidwe. Zithunzi zakale zimene anthu azipaka mitundu pa kompyuta musazikhulupirire pa nkhani ya mtundu. Ndipo musakopere kandege ka mnzanu, chifukwa naye mwina anakopera ka wina, aliyense akuwonjezera pang'ono, mpaka ndege imene inangouluka miyezi itatu isanagwetsedwe ikuoneka ngati yatha zaka 20 pa dzuwa.

Ndapitirira muyezo. Pali pobwerera?

Zimadalira chimene chili pansi. Ngati munatsekera ndi vanishi wa acrylic n'kudetsa ndi enamel kapena penti wa mafuta, nyowetsani kathonje mu thinner wa enamel n'kupukuta mofatsa. Acrylic wouma bwino sasungunuka naye. Thinner wa lacquer ndiye musayandikize n'komwe, amadya zonse mpaka pulasitiki. Ngati ndi kankhungu ka airbrush kamene kachuluka, bwezerani mtundu wa chizindikiro ndi kaburashi, penti wosungunula, pang'onopang'ono. Mankhwala onsewa agwiritseni ntchito mawindo ali otsegula, ndipo popopera valani chophimba mphuno chokhala ndi zosefera za nthunzi ya mankhwala, osati kansalu chabe.

Ndidziwa bwanji kuti ndasiya pabwino?

Ikani kandege pa tebulo, bwererani mita imodzi. Pa 1/48, kumeneko n'chimodzimodzi kuima mamita 48 kuchokera pa ndege yeniyeni. Pa mtunda umenewo simungaone kadontho kalikonse. Mumaona kuti buluu wasuluka, woyera wachita mbuu, utsi wadutsa pa chilembo. Ngati chinthu choyamba kukugwirani diso ndi kudetsa kwanu, chepetsani. Ine ndimajambulanso pa foni n'kuchotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera, kenako ndimachiika pambali pa chithunzi chakale chija. Zikafanana kuwala kwake, ndimasiya penti wa mafuta aume masiku awiri kapena atatu, ndiyeno ndimapopera vanishi womaliza, magalasi a woyendetsa akadali ophimba ndi tepi.